Mau a Zizolowezi za M'kamwa: Mbiri ya Ulendo Wao pakati pa Chisipanishi ndi Chingelezi

Palibe dziko limene ana ake sayamwa chala. Mwana wa ku Madrid, wa ku Lima ndi wa ku London onse amatonthola chimodzimodzi chala chikalowa m'kamwa, ndipo amai ao amadandaula chimodzimodzi poona kuti mwana wafika msinkhu wa sukulu koma chizolowezicho sanachileke. Pamodzi ndi kuyamwa chala pali zizolowezi zina zimene madotolo a mano amaziyang'anira: kupumira m'kamwa m'malo mwa m'mphuno, kukankha mano ndi lilime pomeza, kuluma zikhadabo kapena mlomo, ndi kukukuta mano. Zina mwa izi zikakhalitsa zimapotoza mano ndi kusintha kakulidwe ka nsagwada. Chifukwa chake madotolo adazipatsa maina, nalemba mabuku ambiri onena za izo.

Maina amenewa alipo m'Chisipanishi, aliponso m'Chingelezi, ndipo tsiku ndi tsiku pamakhala anthu amene nchito yao ndi kuwaolotsa kuchokera ku chinenero choyambacho kunka ku chachiwiricho. M'dziko la United States muli anthu oposa 40 miliyoni olankhula Chisipanishi kunyumba kwao. Amai akachoka ku Guadalajara kukakhala ku Los Angeles amatenga kalata ya dotolo wa mano wa mwana wao, ndipo dotolo watsopano sangaiwerenge popanda womasulira. Madotolo a ku Havana, Bogotá ndi Santiago naonso akalemba zimene apeza pofufuza, amaika chidule cha nkhaniyo m'Chingelezi kuti anzao a maiko ena aione. Munthu angayese kuti nchito yotere njapafupi, popeza zinenero ziwirizi zidatapa mau a zachipatala m'nkhokwe imodzi, ndiyo ya Chilatini ndi Chigriki. Koma akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mau amene afanana maonekedwe adayenda njira zosiyana zaka mazana ambiri, ndipo womasulira wosadziwa njirazo amalemba Chingelezi chooneka bwino chimene chinena kanthu kena.

Ometa ndi mabuku oyamba

Kale ku Ulaya kuzula mano inali nchito ya ometa tsitsi ndi ya anthu oyendayenda m'misika. Ku Spain, m'chaka cha 1500, Mfumu Fernando ndi Mfumukazi Isabel adaika lamulo lakuti wometa ayambe wayesedwa asanaloledwe kuzula dzino la munthu. Wozula mano wa pamsika ankatchedwa "sacamuelas", ndipo popeza ambiri a iwo anali olongolola ndi onyenga, liuli kufikira lero limanenanso munthu wolankhulitsa. M'dzina limeneli muli kale msampha woyamba wa womasulira. Chisipanishi chiri ndi "diente", ndilo dzino makamaka la kutsogolo, ndi "muela", dzino la m'kati lotafunira, pamene Mngelezi pocheza angonena "tooth" pa onse awiri. Motero "dolor de muelas" m'Chingelezi ndi "toothache" chabe.

Buku loyamba lonena za mano okha lidasindikizidwa ku Leipzig m'Chijeremani m'chaka cha 1530. M'chaka cha 1557, mu mzinda wa Valladolid, mudatuluka buku la Francisco Martínez, wansembe amene pambuyo pake adakhala wosamalira mano a Mfumu Felipe II. Iye sadalembe m'Chilatini monga ankachitira ophunzira ambiri a nthawi yake. Adalemba m'Chisipanishi, ndipo adakonza nkhani yake ngati kukambirana kwa anthu angapo, kuti ngakhale wosafika ku sukulu yaikulu amve. Angelezi adachedwa: buku lao loyamba la mano, la Charles Allen, lidatuluka ku York m'chaka cha 1685, patapita zaka 128. Buku lalikulu la Mfalansa Pierre Fauchard, amene atchedwa atate wa nchito ya mano, lidasindikizidwa ku Paris m'chaka cha 1728, koma lidadikira kufikira 1946 kuti Lilian Lindsay alimasulire lonse m'Chingelezi. Izi zisonyeza kuti kwa nthawi yaitali mtundu uliwonse unkaumba mau ake pa wokha.

Poumba mauwo, chinenero chirichonse chidatsata chibadwa chake. Chisipanishi ndi mwana wa Chilatini, kotero kuti liu la Chilatini likalowa m'buku la dotolo wa ku Spain silioneka lachilendo kwenikweni. Chingelezi chidachokera ku banja la zinenero za Chijeremani, ndipo chiri ndi nkhokwe ziwiri: mau a kunyumba, ndi mau a Chilatini ndi Chigriki amene adalowa pambuyo. Potchula ziwalo ndi matenda madotolo a Chingelezi amakonda nkhokwe yachiwiri, monga adachitira John Hunter m'chaka cha 1771 pamene adapatsa magulu a mano maina a Chilatini. Koma potchula zimene mwana achita ndi pakamwa pake adasunga mau a kunyumba. Dotolo wa ku Madrid alemba "onicofagia" ndi "queilofagia", mau a Chigriki onena kudya chikhadabo ndi kudya mlomo. Mnzake wa ku Chicago, ngakhale m'magazini ya akatswiri, alemba "nail biting" ndi "lip biting". Liu lakuti "onychophagia" liripo ndithu m'Chingelezi, koma kholo silingalimve, ndipo madotolo a mano salikonda.

Tsaya ndi pakamwa

Aroma akale anali ndi mau awiri: "os", ndipo pakamwa, ndi "bucca", ndilo tsaya. M'kulankhula kwa anthu wamba liu la tsaya lidalanda pang'onopang'ono malo a liu la pakamwa, kotero kuti zinenero zobadwa m'Chilatini zidalilandira monga dzina la pakamwa: "boca" m'Chisipanishi, "bouche" m'Chifalansa, "bocca" m'Chitaliyana. Angelezi adalitenga mochedwa m'mabuku a madotolo, m'mene lidasunga tanthauzo lake lakale. Chifukwa chake "bucal" ya Chisipanishi inena za m'kamwa monse, koma "buccal" ya Chingelezi inena za tsaya lokha. Dzina la nkhani yonseyi, "hábitos bucales", liyenera kukhala "oral habits". Ndipo womasulira "respiración bucal" akalemba "buccal breathing" m'malo mwa "mouth breathing", wauza wowerenga kuti mwana apumira m'tsaya. Mbali ya dzino yoyang'ana ku tsaya, imene Mngelezi aitcha "buccal", madotolo a Chisipanishi kawirikawiri aitcha "vestibular".

Kupumira m'kamwa kuli ndi mbiri yakeyake. Kuchiyambi kwa zaka za 1860 George Catlin, wojambula zithunzi wa ku America amene adakhala nthawi yaitali pakati pa eni dzikolo, adalemba kabuku kolangiza anthu kutseka pakamwa pogona. M'chaka cha 1868 dotolo wa ku Copenhagen, Wilhelm Meyer, adafotokoza za timinofu tomera kuseri kwa mphuno, timene tikatupa timatseka njira ya mpweya ndi kukakamiza mwana kuyasama. Dzina limene adatipatsa linali ndi mau awiri, ndipo m'Chingelezi linkalembedwa "adenoid vegetations". Apa zinenero ziwirizi zidagawana dzinalo ngati abale ogawana chuma cha masiye: Angelezi adasunga liu loyamba, nanena "adenoids", pamene amai a ku Spain kufikira lero amati mwana ali ndi "vegetaciones". Kwa Mngelezi wamba "vegetation" ndi zomera za m'thengo. Palinso chenjezo lina. "Respirador bucal" ndi dzina laulemu la chipatala, koma "mouth breather" m'kulankhula kwa ku America lakhalanso chitonzo chonena munthu wopusa. Polembera makolo nkwabwino kunena mosazungulira kuti mwana apumira m'kamwa.

Utsogoleri uolokera ku America

M'zaka za m'ma 1800 utsogoleri wa maphunziro a mano udaoloka nyanja ya Atlantic. Koleji yoyamba ya madotolo a mano idatsegulidwa ku Baltimore m'chaka cha 1840, ndipo mmodzi wa oiyambitsa, Chapin Harris, adasindikiza buku lotanthauzira mau a nchitoyi m'chaka cha 1849. Achinyamata olankhula Chisipanishi adayamba kupita ku United States kukaphunzira. Mmodzi wa iwo anali Florestán Aguilar, wobadwira ku Havana m'chaka cha 1872, amene adaphunzira ku Philadelphia, nayambitsa magazini ya La Odontología ku Spain m'chaka cha 1892. Khama lake lidathandiza kuti m'chaka cha 1901 boma la Spain likhazikitse udindo wa "odontólogo", m'malo mwa wa "cirujano dentista" wa m'chaka cha 1875. M'chaka cha 1948 nchitoyi idasanduka nthambi ya udotolo wa thupi lonse pa dzina lakuti "estomatología", ndipo m'chaka cha 1986 lamulo lina lidabwezeretsa "odontología". Ku Cuba dotolo wa mano atchedwa "estomatólogo". Maina onsewa ali m'makalata a odwala, koma Mngelezi adziwa "dentist". Liu lakuti "stomatologist" limdabwitsa.

M'chaka cha 1899 Edward Angle wa ku America adagawa kusalumana bwino kwa mano m'magulu atatu amene akali kugwira nchito lero, ndipo m'mabuku ake adawerengera zizolowezi za ana pakati pa zinthu zopotoza mano. Pambuyo pake mabuku ophunzitsira a ku America, monga la Robert Moyers la 1958 ndi la T. M. Graber la 1961, adamasuliridwa m'Chisipanishi, naphunziridwa kuyambira ku Mexico kufikira ku Argentina. Apa pagona mfundo yaikulu ya mbiri imeneyi. Mau ambiri a Chisipanishi a zizolowezi za m'kamwa adakhazikika pomasulira mabuku a Chingelezi, kotero kuti womasulira wa lero nthawi zambiri safunika kupanga dzina latsopano. Nchito yake ndi kubweza mlendo kwao. Koma mlendoyo wakhala kunja zaka zambiri, wabvala zobvala za kumeneko, ndipo kwao kumene adachoka nakonso zinthu zidasintha iye kulibe.

Chala

M'chaka cha 1879 Lindner, dotolo wa ana wa ku Hungary, adalemba za kuyamwa chala. Ndipo Sigmund Freud adatenga nkhani yake m'chaka cha 1905 pofotokoza za maganizo a ana. Amai olankhula Chisipanishi amati "chuparse el dedo", koma dotolo alemba "succión digital". Mau onse awiriwa ali ndi abale m'Chingelezi, ndipo abale onsewo asocheretsa. "Digital" idachokera ku "digitus", chala m'Chilatini. Popeza anthu ankawerengera pa zala, liulo lidayamba kunena manambala, ndipo lero Mngelezi akalimva aganiza za makompyuta. "Suction" m'chipinda cha dotolo wa mano ndi kachipangizo kokoka malobvu m'kamwa mwa wodwala. Motero "digital suction" imveka ngati dzina la makina atsopano. Choyenera kulemba ndi "thumb sucking" ngati mwana ayamwa chala chachikulu, "finger sucking" ngati ayamwa chala china, kapena "digit sucking" ngati kalata sinanene. Kusankha nkofunika chifukwa "dedo" inena chala chirichonse, ngakhale cha kuphazi, pamene Mngelezi apatula chala chachikulu nachipatsa dzina lakelake.

Ana ambiri amaleka okha chizolowezichi pakati pa zaka 2 ndi 4. Bvuto limakula chikapitirira kufikira nthawi yophuka mano achikulire a kutsogolo, cha m'zaka 6 kapena 7, m'mera mpoyamba. Graber adaphunzitsa kuti kuonongeka kwa mano kutsata zinthu zitatu: kutalika kwa nthawi, kuchuluka kwa maulendo, ndi mphamvu ya kuyamwako. Chala chimakankhira mano a m'mwamba kutsogolo, ndipo kawirikawiri chimasiya mpata pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, umene uli "mordida abierta" kapena "open bite". Chingelezi chiri ndi mau awiri ofanana pang'ono: "overjet", kutulukira kutsogolo kwa mano a m'mwamba, ndi "overbite", kuphimba kwao mano a m'munsi. Ku Spain loyambalo ndi "resalte", lachiwirilo "sobremordida". Koma m'maiko ambiri a Latin America onse awiri ndi "sobremordida", loyamba "horizontal", lachiwiri "vertical". Womasulira wofulumira akalemba "overbite" pamene kalata inena "sobremordida horizontal", wanena kuti mano aphimbana kwambiri, chikhalirecho mwa mwana woyamwa chala mwina sakumana nkomwe.

Kansonga ka mphira kamene amapatsa khanda kuti litonthole kasonyeza bvuto la mtundu wina, ndilo kusiyana kwa maiko olankhula chinenero chimodzi. Ku Spain ndi ku Argentina ndi "chupete", ku Mexico "chupón", ku Colombia "chupo", ku Cuba "tete", ku Puerto Rico "bobo". M'Chingelezi namonso muli "pacifier" ku United States, "dummy" ku Britain, "soother" ku Canada ndi ku Ireland. Womasulira ayenera kudziwa kumene kalata yachokera ndi kumene ikunka.

Lilime

Khanda pomeza limaika lilime pakati pa nkhama, ndipo likamakula kamezedwe kameneka kamasintha. Ana ena amapitiriza kuika lilime pakati pa mano. M'chaka cha 1918 Alfred Rogers adayamba kuphunzitsa kuti minofu ya kumaso ingathe kulimbitsidwa ndi masewera ake kuti ithandize kuongola mano, ndipo m'chaka cha 1951 Walter Straub adalemba za chimene adachitcha kameza kopotoka, naloza chala botolo loyamwitsira ana. Kuyambira pamenepo Chingelezi chidayesa maina ambiri, monga "reverse swallow" ndi "infantile swallow", koma limene lidapambana ndi "tongue thrust", ndiko kukankha ndi lilime. Chisipanishi, pamodzi ndi Chifalansa ndi Chitaliyana, chidakonda kunena za kameza kosiyana ndi ka masiku onse, "deglución atípica". Chiri ndi mau enanso, "empuje lingual" ndi "interposición lingual", ndipo ochiritsa malankhulidwe ena amasiyanitsanso "deglución adaptada", pamene lilime lingotsata mpata umene unalipo kale.

Kusiyana kwa mau amenewa si kwa chabe. M'zaka za 1970 William Proffit adasonyeza kuti dzino limasuntha ndi kukankha kofatsa kokhalitsa, kwa maola ngati 6 pa tsiku. Munthu amameza pafupifupi ka 1,000 pa tsiku, ndipo kumeza kulikonse kumatenga ngati sekondi imodzi. Zonse pamodzi sizifika mphindi 20. Chotero chimene chisuntha mano kwambiri ndi malo amene lilime ligona pamene munthu sakumeza. "Interposición lingual" inganene zonse ziwiri, lilime lolowa pakati pa mano pomeza kapena lilime logona pamenepo nthawi zonse, pamene "tongue thrust" imveka ngati kukankha kwa mphamvu. Kalata ikaonjeza kuti "en reposo", ndiko kuti popumula, womasulira ayenera kunena za kagonedwe ka lilime. Akapanda kutero dotolo wolandira kalatayo angayambe kuchiritsa chimene mwanayo alibe.

Chipangizo cha waya chimene amaika kuseri kwa mano a m'mwamba kuti chitchinge lilime kapena chala chitchedwa "rejilla", liu la tizitsulo totchinga zenera, ndipo kwina "trampa", ndiwo msampha. Mngelezi achitcha "crib", liu limene linenanso kabedi ka khanda. Palibe njira yochokera ku liu limodzi kufika ku linzake mwa kungoyang'ana m'buku la mau. Womasulira ayenera kudziwa chinthu chenichenicho. Chimodzimodzinso wochiritsa malankhulidwe amene athandizana ndi dotolo pa nkhani ya lilime: ku Spain ndi "logopeda", ku Chile, Argentina ndi Colombia "fonoaudiólogo", ku United States "speech-language pathologist", ku Britain "speech and language therapist".

Kukukuta mano

Kukukuta mano nkwakale monga munthu, koma dzina lake la chipatala ndi latsopano. M'chaka cha 1907 madotolo awiri, Marie ndi Pietkiewicz, adalemba m'Chifalansa za "bruxomanie", potenga liu la Chigriki lonena kukukuta ndi lina lonena misala. M'chaka cha 1931 Bertrand Frohman wa ku America adagwiritsa nchito "bruxism", ndipo liu lopanda misalali ndilo lidakhazikika. Chisipanishi chidalilandira monga "bruxismo", ngakhale "bruxomanía" ndi "bricomanía" zikali kupezeka m'mabuku akale. Apa zinenero ziwirizi zigwirizana, koma zisiyananso pa magawo ake. Mabuku ambiri a Chisipanishi asunga kugawa kwakale: "bruxismo céntrico", kulumitsa mano popanda kuwakhuza, ndi "bruxismo excéntrico", kuwakhuzitsa uku ndi uku. Madotolo a Chingelezi lero angonena "clenching" ndi "grinding". Ndipo kwa munthu wamba "eccentric" ndi munthu wa makhalidwe achilendo.

M'chaka cha 2013 akatswiri a maiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Frank Lobbezoo wa ku Amsterdam, adagwirizana kugawa kukukuta mano pawiri: kwa m'tulo ndi kwa munthu ali maso. Kugawa kumeneku kudalowa m'malo mwa kwa usiku ndi usana, pakuti wogwira nchito usiku amagona masana. Motero "nocturno" ndi "diurno" za m'kalata ya Chisipanishi zimasuliridwa bwino ndi "sleep" ndi "awake". M'chaka cha 2018 akatswiriwo adaonjeza kuti mwa munthu wopanda bvuto lina kukukuta mano kuyesedwe khalidwe la minofu, kosati nthenda. Chipangizo chobvala m'kamwa poteteza mano chitchedwa "férula de descarga" ku Spain ndi "guarda oclusal" ku Mexico. M'Chingelezi ndi "occlusal splint" kwa dotolo, "night guard" kwa wodwala.

Mau oweruza

Mabuku a Chingelezi a nthawi ya Angle ankatcha zizolowezi zimenezi "pernicious habits", zizolowezi zoononga, monga ngati mwana wachimwa. Chisipanishi chidasunga mau a mtundu umenewu: "hábitos perniciosos", "malos hábitos", ndipo ku Cuba makamaka "hábitos deformantes". M'maiko a Chingelezi kalembedwe kadafewa, ndipo magazini ambiri lero akonda "oral habits" chabe, kapena "parafunctional habits", kapena "non-nutritive sucking" ponena kuyamwa kosafuna chakudya. Dotolo wa ku Havana polemba "deformante" sakudzudzula munthu. Angogwiritsa dzina limene adaphunzira. Koma liu lomwelo likaoloka monga liri, amai owerenga Chingelezi amva kuti mwana wao wapunduka ndipo mlandu ngwao. Womasulira wokhulupirika asunga zimene dotolo adapeza, osaonjeza chiweruzo chimene dotoloyo sadapereke.

Mindandanda ndi manambala

Pofuna kuthetsa chisokonezo, nyumba zosungira mabuku a zachipatala zidakonza mindandanda ya mau obvomerezeka. M'chaka cha 1960 National Library of Medicine ya ku United States idatulutsa mndandanda wotchedwa MeSH. Ku São Paulo bungwe la BIREME, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1967, lidakonza pa maziko omwewo mndandanda wa DeCS, umene uika Chisipanishi, Chipwitikizi ndi Chingelezi pamodzi. M'menemo "Fingersucking" iyang'anizana ndi "Succión del Dedo", ndipo "Mouth Breathing" ndi "Respiración por la Boca". Nchochititsa chidwi kuti okonzawo adapewa "digital" ndi "bucal", nasankha mau a kunyumba. Phindu la mindandandayi ndi lalikulu, pakuti nkhani yolembedwa pansi pa dzina lolakwika iri ngati buku loikidwa pa shelefu yosayenera: dotolo amene adayeza ana a m'sukulu za kwao zaka zingapo angataye owerenga ake onse a kunja chifukwa cha mau awiri.

Ngakhale manambala afuna kumasuliridwa. Kuchiyambi kwa zaka za 1970 bungwe la madotolo a mano a dziko lonse, FDI, lidabvomereza njira yotchulira dzino lirilonse ndi manambala awiri, ndipo njirayi ndiyo yofala ku Spain ndi ku Latin America. Ku United States amawerenga mano achikulire kuyambira 1 kufikira 32. Mano awiri apakati a m'mwamba, amene chala chimawakankha poyamba, ndi 11 ndi 21 m'kalata ya ku Guadalajara, koma ndi 8 ndi 9 ku Los Angeles. Kumeneko 11 ndi dzino losongoka la m'mwamba kumanzere, ndipo 21 ndi dzino la m'munsi. Kalatayo itchanso dzino "pieza", chidutswa, chimene m'Chingelezi chiyenera kukhala "tooth". Womasulira amene asiya manambala monga aliri, osanena njira imene atsata, watumiza dotolo ku dzino lina.

Mbiri yonseyi iphunzitsa womasulira kufunsa mafunso atatu asanalembe. Kodi mwanayo achita chiani kwenikweni ndi chala, lilime kapena mano ake? Kodi kalata yachokera dziko liti, ndipo idalembedwa ndi munthu wophunzira mabuku a nyengo iti? Kodi adzaiwerenga ndani, dotolo kapena kholo? Makina omasulira a pa kompyuta afulumiza nchito, koma saona mwana, ndipo sangabwerere kwa wolemba kalata kukamfunsa. Safunsa adadya phula. Francisco Martínez adalemba m'chinenero cha kwao m'chaka cha 1557 kuti anthu amve za mano ao, ndipo cholinga cha womasulira wa lero ndi chomwecho. Amai a ku Guadalajara akapereka kalata yomasuliridwa bwino, dotolo wa ku Los Angeles adziwa kuti mwana ayamwa chala chachikulu pogona, kuti mano 8 ndi 9 atulukira kutsogolo, ndi kuti lilime ligona mu mpata. Ndipo ayamba kumthandiza tsiku lomwelo.